Mphindi Zisanu ndi Zinayi

Atate anagwa Lachiwiri, dzuwa lili paliwombo,
pakati pa mageti awiri osapenta
omwe amawotcherera m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga.
Sanafuule. Anangokhala pansi ngati munthu wakumbukira kanthu,
kenako n'kupendekeka.
Makina anapitiriza kulira okha.

Wina anawavula nsapato, wina anawakupiza ndi katoni,
mayi wa nthochi anawathira madzi kumaso,
mnyamata wina anakweza foni kuti ajambule bwino.
Ine Zelipa, mwana wawo woyamba,
ndinaima nditagwira magalasi awo akuda
ngati kuti awafunanso posachedwa.

Ndiye m'minibasi ya ku Mtendere munatsika
mayi wamfupi, wajuzi yobiriwira, kabichi kukhwapa.
Kabichiyo inagubuduzika mpaka m'ngalande.
Anagwada pafumbi, nagwira pakhosi pa atate,
nasanjika manja pachifuwa
n'kuyamba kudinikiza, kudinikiza, akuwerenga mokweza.
Ndinamva nthiti ikuti thyo! Ndinamukalipira.
Iye osadzutsa mutu: "Nthiti imapola, mwanawe.
Agwa nthawi yanji?"

Tonse tinayang'anana.
Anayankha ndi uja wa foni, atabweza kanema wake:
mphindi zisanu ndi zinayi.

Kuchipatala chachikulu anawamenya ndi magetsi kawiri,
mzere wapakanema unayambanso kudumpha.
Amayi anagwa pansi ndi nthungululu.
Koma Dokotala Mwiinga sanaseke nafe.
Anati, "Mtima ndi wamakani, umabwerera.
Ubongo ndiye sukhalitsa wopanda mpweya.
Mukudziwa magetsi a m'komboni mwathu:
akabwera mumakondwa,
koma chimene chapsa mumachidziwa
mukamayatsa chimodzichimodzi."

Masiku khumi ndi limodzi tinakhala pabenchi.
Achibale ochokera ku Katete anafika ndi zikwama za maliro,
n'kusowa kuti azimasule kapena ayi.
Atate ankapuma ndi paipi,
manja awo odzala zipsera za moto
atayera ngati a kalaliki.
Usiku amalume anandinong'oneza kukhonde:
"Mayi wakabichi uja anatithandiza, kapena anatisiyira mtolo?"
Sindinawayankhe. Mpaka lero sindinawayankhe.

Tsiku lomwe anatsegula maso tinayamba kuyatsa.
Dzanja lamanja: layaka.
Mwendo wamanzere: ukuphethira.
Amayi anawazindikira ndi mawu.
Ine anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Lekeleni,"
dzina la mlongo wawo amene tinamuika kale ku Chingwere.
Sipuni anaitembenuzatembenuza osadziwa mbali yodyera.
Kenako anayang'ana zenera la wodi,
nakwinya nkhope monga mwa kale:
"Anawotcherera apa ndi wakuba.
Zitsulo zoonda, ngodya yokhota."
Anamwino anaseka. Ine ndinathawira kuchimbudzi kukalira.

Tsopano amakhala pakhonde kunyumba, tepi yoyezera m'manja.
Amayeza chitseko, mawa amachiyezanso.
Nkhani ya m'mawa ikafika madzulo yauluka,
koma nyimbo za kwaya ya unyamata wawo zilipo zonse,
ndime ndi ndime.
Masiku ena ndine Zelipa. Masiku ena ndimavomera la Lekeleni,
pakuti nayenso ankamukonda.

Kanema uja ndinamupempha mnyamatayo anditumizire.
Ndimaonera anthu atagona.
Mphindi zisanu ndi zinayi si nthawi:
madzi a tiyi sawira pa mbaula,
chigubu sichidzala pa mpopi wathu.
Ndimadziona pakona, wovala buluu,
manja awiri athunthu, amphamvu,
atangogwira magalasi.

Loweruka lililonse ndimapita kukalasi ya anamwino odzipereka,
kukagwada pa chidole chopanda miyendo.
Makumi atatu, mpweya kawiri. Makumi atatu.
Mphunzitsi amati ndimadinikiza mopitirira.

Mayi wajuzi yobiriwira sindinamuonenso.
Minibasi iliyonse ya ku Mtendere ikaima ndimasuzumira,
ndalama ya kabichi ili m'thumba.
Mwini mageti aja amaimbabe foni
kufunsa ngati bwana achira.
Ndimati mtima ukugunda bwino ndithu,
zinazo tikuyatsabe.